CHIFUKWA CHAKE FOMU YA INSHUWALANSI IYENERA KUYANKHIDWA YONSE

Nyengo yothyola ndi kuumitsa fodya ikamayandikira, alimi ambiri olembetsedwa amalandira mafomu a inshuwalansi. Ena amawalandira kudzera ku kalabu, ena ku banki kumene anatenga ngongole, ndipo ena kwa kampani imene anapangana nayo kuti idzagule fodya wawo. Mafunso a pa fomuyo amakhala ochuluka ndithu: chigafa chili pati, chinafoleredwa ndi chiyani, pali mtunda wotani kuchokera pa chigafa kufika pa khitchini, kodi moto unayamba wabukapo pa malo anuwo. Pa misonkhano ya alimi sipalephera kuimirira munthu wofunsa kuti, "Kodi alangizi, anthu aŵa akufuna ndalama zathu kapena mbiri yathu?"

Chifukwa chotopa nawo mafunsowo, ambiri amayankha okhawo amene awaona ofeŵa. Pena amasiya osalemba, pena amangojambula kamzere. Ena amasaina kunsi kwa fomu yopanda kanthu n'kumusiyira ejenti kuti akamalize yekha. Pa tsikulo sipaoneka vuto lililonse. Vuto limadzaoneka m'mwezi wa Malichi kapena Epulo chigafa chitapsa, pamene kampani ikunena kuti zimene yapeza pa malopo sizikugwirizana ndi zimene zinalembedwa pa fomu. Tsono tiyeni tione kaye munthu amene amaŵerenga fomu yanu, ndi ntchito imene amagwira ndi mayankho anuwo.

AMENE AMAŴERENGA FOMU YANU

Kaŵirikaŵiri munthu amene amabwera kumudzi ndi mafomu sakhala ndi mphamvu yovomereza inshuwalansi. Iye ndi mtumiki chabe. Fomu imapita ku ofesi ya kampani, kwa munthu amene pa Chingerezi amamutcha underwriter. Dzinali linachokera ku malonda a zombo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1600, mu mzinda wa London munali nyumba yomweramo khofi ya munthu wina dzina lake Edward Lloyd, kumene eni zombo ndi amalonda ankasonkhana. Mwini katundu ankalemba pa pepala dzina la chombo, katundu amene chanyamula ndi kumene chikupita. Munthu wa ndalama akavomera kusenzako gawo la ngozi ya ulendowo, ankalemba dzina lake kunsi kwa pepalalo pamodzi ndi kukula kwa gawo limene watenga. Motero underwriter ndiye kuti wolemba kunsi. Msika wa inshuwalansi wa Lloyd's ulipobe mpaka lero. M'nkhani ino munthuyu tizimutcha woyesa ngozi.

Chofunika kuchisunga ndi chakuti anthu aja ankasaina chombo chimene nthaŵi zambiri sanachione ndi maso. Ankadalira pepala. Lero zinthu sizinasinthe kwenikweni. Woyesa ngozi amakhala mu ofesi ku Blantyre kapena ku Lilongwe, ndipo chigafa chanu chili ku Mchinji, ku Kasungu kapena ku Rumphi. Ku esiteti yaikulu kampani ingathe kutumiza munthu wokayendera mabalani, koma singatumize munthu kwa mlimi aliyense wa ekala imodzi kapena aŵiri, pakuti ndalama za ulendo wokhawo zikhoza kuposa zimene mlimiyo walipira. Chimene woyesa ngozi amadziŵa za munda wanu ndi chokhacho chimene mwamulembera.

Akaŵerenga fomuyo ayenera kugamula ngati kampani ivomere kapena ikane, ndipo ikavomera mulipire zingati, ndiponso pakhale malamulo otani, monga akuti pa balani pazikhala mgolo wa madzi nthaŵi zonse. Ndalama zimene amalipira mlimi wopsetsa fodya zimachokera m'thumba limodzi limene alimi onse anasonkhamo. Anthu ambiri amasonkha pang'onopang'ono kuti ochepa amene agwa m'ngozi athandizidwe. Ntchito ya woyesa ngozi ndiyo kuona kuti aliyense akusonkha molingana ndi ngozi imene wabwera nayo. Munthu wa chigafa cha udzu chomangidwa pafupi ndi khitchini akalipira mofanana ndi mnzake amene anamanga kutali ndi kulambula bwino, ndiye kuti wosamalayo akumusenzera wosasamala katundu wake. Zoterezi zikachuluka thumba limaperewera, ndipo chaka chotsatira mtengo umakwerera onse.

Palinso chifukwa china chimene amafunira dzina la mudzi, mfumu yaikulu ndi boma. Matalala sagwa dziko lonse. Amatsata kanjira kake, kuwononga minda ya mudzi uno n'kusiya ya tsidya la dambo ili bwinobwino. Chimodzimodzi mphepo ya mkuntho. Kampani ikakhala ndi alimi ambiri pa malo amodzi, tsiku limodzi loipa lingathe kuigwetsa. N'chifukwa chake woyesa ngozi amaŵerengera kuchuluka kwa katundu amene wavomereza m'dera lililonse, ndipo gawo lina amakalitengeranso inshuwalansi ku makampani akuluakulu. Adiresi ya ku positi ya sukulu kapena ya tchalitchi simuthandiza pa ntchito imeneyi. Akufuna kudziŵa pamene pali fodyayo.

MAFUNSO AMENE AMAONEKA NGATI OPANDA PAKE

Funso la mtundu wa fodya ambiri amangoliyankha kuti "fodya", ngati kuti onse ndi amodzi. Koma inu nomwe mukudziŵa kusiyana kwake. Fodya wa bale amauma ndi mphepo m'chigafa, ndipo moto sufunika konse. Ngozi yake imachokera kunja: moto wolusa wa m'tchire, khitchini, ndudu ya munthu wodutsa, mphepo yosasula denga, mvula yonyoŵetsa masamba. Fodya wa kampopi amakhala pafupifupi sabata yathunthu m'balani moto ukuyaka usana ndi usiku, ndipo pouma mitsempha kutentha kumafika pafupi ndi madigiri 70. Tsamba louma likagwera pa paipi yotentha, kapena paipiyo ikakhala ndi mng'alu, balani yonse imatha m'kanthaŵi kochepa. Fodya wa chikopa amaumitsidwa ndi utsi, moto uli pansi pa masamba omwewo. Izi ndi ngozi zosiyana ndipo mitengo yake singafanane. Mlimi amene amalima mitundu iŵiri atchule yonse, ndi kunena kuti uliwonse amaumitsira kuti.

Funso la mtunda wa pakati pa zigafa ndilo limasiyidwa kwambiri, chifukwa limafuna kuti munthu atuluke panja ndi kukayeza. Woyesa ngozi amalifuna kuti adziŵe kuti moto umodzi ungawononge katundu wochuluka bwanji. Zigafa zinayi zomangidwa mogundana, kwa iye ndi chigafa chimodzi chachikulu, pakuti chimodzi chikayaka zonse zapita. Zigafa zinayi zotalikirana ndi ngozi zinayi zazing'ono. Apa mlimi amene anamanga mwanzeru amadzimana yekha akasiya malowo osalemba, chifukwa ubwino wa kamangidwe kake sudziŵika. Ngati mulibe tepi, yezani ndi mapazi ndipo mulembe kuti mwayeza ndi mapazi.

Mafunso ena ndi a mtundu womwewo. Mapaipi a m'balani ali ndi zaka zingati? Kodi pamwamba pake pali waya wotchinga masamba ogwa? Usiku amayang'anira moto ndani, munthu wamkulu kapena mwana? Nkhuni, palafini ndi dizilo zimasungidwa pati? Ndipo funso limene ine ndimaliona kuti ndi lalikulu kuposa onse kwa alimi ang'onoang'ono ndi ili: fodya akauma ndi kudindidwa m'mabelo, amasungidwa kuti? Ambiri amaloŵetsa mabelo m'nyumba yogona poopa akuba, ndipo m'nyumba momwemo mumayatsidwa koloboyi kapena mbaula. Kuchita zimenezo sikulakwa, chifukwa akuba alikodi. Koma ngati pa fomu munalemba kuti fodya amasungidwa m'shedi ya malata, ndiye n'kupsera m'nyumba ya udzu, kampani idzanena kuti malo amenewo sinawavomereze.

Funso la ngozi zakale anthu amaliopa. Amaganiza kuti akaulula kuti zaka zitatu zapitazo balani inapsa, akanidwa. Zoona zake n'zakuti woyesa ngozi amadziŵa kuti mabalani amapsa, ndipo n'chifukwa chake ntchito yake ilipo. Chimene amafuna kumva ndi chimene chinayambitsa motowo ndi chimene munakonza pambuyo pake. Mlimi wolemba kuti balani inapsa chifukwa cha paipi yobooka ndipo mapaipi onse anasinthidwa, angathe kuvomerezedwa, mwina pa mtengo wokwererapo. Wobisa amadzagwidwa pa nthaŵi yoipa, chifukwa munthu wa kampani akabwera kudzaona zowonongeka amacheza ndi anansi, ndipo mudzi suiŵala moto.

Nanga woyesa ngozi amatani akapeza malo osalembedwa? Sangadziŵe ngati munaiŵala, ngati simunamve funso, kapena ngati mukubisa kanthu. Kamzere sikamuuza chilichonse. Angathe kuganizira choipa kwambiri n'kukuikirani mtengo wa munthu wa ngozi yaikulu. Angathenso kuvomera zina n'kuchotsa chimene sanachimvetsecho, kotero kuti mumalandira chikalata chokhala ndi mpata umene simukuudziŵa. Koma kaŵirikaŵiri amangoibweza fomuyo, ndipo apa ndi pamene pali tsoka, chifukwa fomu ikamayenda pakati pa tauni ndi mudzi, fodya ali kale pa mikangala. Kupereka fomu kwa ejenti sikutanthauza kuti inshuwalansi yayamba. Imayamba pa tsiku limene lalembedwa pa chikalata, kampani itavomera, ndipo makampani ambiri amafuna kuti ndalama zikhale zitalipidwa. Moto wobuka tsikulo lisanafike ndi wanu nokha. Choncho ngati funso silikukukhudzani lembani kuti "palibe" kapena "ayi". Limenelo ndi yankho lokwanira.

KUNENA ZOONA ZONSE

Pogula ng'ombe pa msika, wogula amaiyang'ana yekha mano ndi miyendo, ndipo akapusa ndi zake. Inshuwalansi siyenda motero. Lamulo lake ndi lakuti mbali zonse ziŵiri zichite mokhulupirika kotheratu, ndipo wopempha inshuwalansi aulule chilichonse chimene chingasinthe maganizo a woyesa ngozi. Mfundo imeneyi inafotokozedwa bwino m'chaka cha 1766 pa mlandu wa Carter ndi Boehm ku England. Roger Carter anali bwanamkubwa wa linga la amalonda a ku Britain lotchedwa Fort Marlborough pa chilumba cha Sumatra, ndipo anatenga inshuwalansi ku London yoti adzalipidwe ngati lingalo litalandidwa ndi adani. Afalansa analilanda mu 1760. Boehm, amene anasaina inshuwalansiyo, anakana kulipira ponena kuti sanauzidwe za kufooka kwa lingalo.

Woŵeruza, Lord Mansfield, anafotokoza kuti pa inshuwalansi zinthu zofunika zimadziŵika kaŵirikaŵiri ndi wopempha yekha, ndipo woyesa ngozi amangokhulupirira mawu ake, kotero kubisa chinthu chotero kumaononga pangano. Komabe pa mlandu umenewu anagamula kuti Boehm alipire, chifukwa zimene ankadandaula zinali zinthu zimene munthu wa ntchito yake anayenera kuzidziŵa kapena kuzifunsa yekha, pakuti aliyense ankadziŵa kuti kunali nkhondo. Mbali imeneyi ndi yothandiza kwa inu. Simukakamizidwa kuiuza kampani kuti udzu umayaka kapena kuti mu Febuluwale kumagwa mvula. Zimene muyenera kunena ndi za pa malo panu, zimene iwo sangazidziŵe muli chete. Malamulo a inshuwalansi a maiko ambiri amene anatengera malamulo a ku England, Malaŵi ali m'gulu lomwelo, anamangidwa pa mfundo imeneyi.

Chilango cha kubisa ndi choŵaŵa. Kampani ingathe kulitenga panganolo ngati kuti silinakhalepo, n'kukana kulipira. Ku Britain komweko anaona kuti lamuloli linkapweteka ngakhale anthu olakwitsa mosadziŵa, ndipo analifeŵetsa ndi lamulo la 2015 limene linayamba kugwira ntchito mu Ogasiti 2016, lakuti munthu amene sanabise dala angathe kulipidwa gawo lina m'malo momanidwa zonse. Koma limenelo ndi lamulo la kwawo. Inu ŵerengani mawu amene ali pamwamba pa malo osainira. Pamenepo mumavomera kuti mayankho onse ndi oona, ndipo m'mafomu ambiri mumavomeranso kuti mayankhowo ndiwo maziko a pangano. Ngati anakulemberani munthu wina, kaya ejenti, kaya mlembi wa kalabu, kaya mwana wanu wa ku sukulu, akuŵerengereni mokweza yankho lililonse musanasaine kapena kudinda chala. Siginecha ikakhala yanu, kudzakhala kovuta kunena kuti mawuwo si anu.

MTENGO UMENE MUMALEMBA

Pa funso la mtengo wa katundu alimi ambiri amachepetsa dala kuti alipire zochepa. Maganizo awo amakhala akuti, "Zonse sizingapse nthaŵi imodzi, ndingolembetsa theka." Koma m'zikalata zambiri za inshuwalansi ya moto muli lamulo limene amalitcha average, ndipo limagwira ntchito motere.

Tiyerekeze kuti fodya yense amene muli naye m'zigafa ndi wa K8,000,000, koma pa fomu munalemba K4,000,000. Moto wabuka ndipo wawononga fodya wa K3,000,000. Inu mukuyembekezera K3,000,000 yonse, popeza siinapitirire K4,000,000 imene munalembetsa. Kampani idzaŵerengera mwina. Idzati munalembetsa theka la katundu wanu, theka linalo munadzisungira nokha ngozi yake, choncho pa chilichonse chowonongeka iyo ilipira theka. Mudzalandira K1,500,000, ndipo pamenepo adzachotsaponso kagawo koyamba kamene chikalata chimati mwini amadzilipirira yekha. Ndalama imene munapulumutsa pa tsiku lolembetsa ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi K1,500,000 imene yatayikayo.

Kukweza mtengo nakonso sikupindulitsa. Inshuwalansi ya katundu imangobwezera munthu pamene anali ngozi isanagwe. Mukalembetsa K12,000,000 pa fodya wa K8,000,000, mudzalipira zambiri pachabe, pakuti ngakhale zonse zitapsa sadzakupatsani zoposa mtengo weniweni wa zimene zapsa, ndiponso adzayamba kukukayikirani. Chinanso, mtengo wa fodya umasintha nyengo ikamapita. Tsamba laliŵisi la m'munda, tsamba louma la pa mikangala ndi belo losankhidwa bwino loyembekezera galimoto sizili pa mtengo umodzi. Funsani ngati kampaniyo ikufuna mtengo wa zimene munaloŵetsa, monga feteleza, mbewu ndi aganyu, kapena mtengo umene mukuyembekezera ku okushoni. Poyerekeza makilogalamu gwiritsani ntchito mapepala a malonda anu a zaka zapitazo ndi kota imene munapatsidwa, osati zolakalaka. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Muonetsetsenso pamene chikalatacho chikuthera. Inshuwalansi ya moto wa pa chigafa siyenda ndi mabelo pa msewu pokhapokha zitalembedwa. Ngati mukufuna kuti ifike mpaka ku Kanengo, ku Limbe, ku Chinkhoma kapena ku Mzuzu, nenani pa fomu, ndipo mutchule amene amanyamula ndi kumene mabelo amagona akamadikira.

KODI FODYAYU NDI WA YANI?

Funso ili likukhudza makamaka inu amene mumalima pa malo a esiteti, amene ambiri amakutchanibe matenanti, ndiponso inu a m'makalabu. Lamulo limati munthu angatenge inshuwalansi pa chinthu chimene ali nachopo gawo lozindikirika ndi lamulo, chimene chitawonongeka iye ndiye ataya. Dzina lolembedwa pa fomu likhale la munthu woteroyo.

Pali mlandu wotchuka wa 1925 umene umaonetsa kuuma kwa lamuloli. Munthu wina dzina lake Macaura anali ndi esiteti ya Killymoon kumpoto kwa Ireland. Anagulitsa mitengo ya matabwa ya pa esitetiyo kwa kampani imene masheya ake anali m'manja mwa iye mwini. Kenaka anatenga inshuwalansi ya moto pa mitengoyo m'dzina lake, osati m'dzina la kampani. Moto unabuka n'kuwononga mitengo yambiri. Bwalo lalikulu la ku Britain, House of Lords, linagamula kuti mitengoyo inali ya kampani, ndipo Macaura sanalandire kanthu, ngakhale kuti aliyense ankaona kuti ndalama zotayikazo zinali zake. Dzina limodzi lolakwika pa pepala linamumanitsa zonse.

Tsono taganizirani za pa esiteti. Malo ndi a mwini esiteti, mwinanso chigafa ndi chake. Feteleza anachokera ku ngongole. Thukuta ndi la mlimi ndi banja lake. Chigafa chikapsa, ndani alandire? Woyesa ngozi sangayankhe ngati fomu sinanene. Mwini esiteti akatenga inshuwalansi m'dzina lake lokha, ndalama zidzapita kwa iye, ndipo mlimi wolimayo angatsale ndi ngongole ya chakudya ndi zipangizo popanda fodya woibwezera. Malangizo anga ndi akuti musanayambe kuthyola mufunse mwaulemu koma momveka ngati fodya wa m'chigafa chanu ali pa inshuwalansi, m'dzina la yani, ndipo atapsa gawo lanu lidzaŵerengedwa bwanji. Yankho lake lilembedwe. Eni maesiteti nawonso alembe pa fomu kuti pa malopo pali alimi angati, zigafa zingati ndi za yani. Ku kalabu, mndandanda wa mamembala ndi maekala a aliyense upite pamodzi ndi fomu. Ngati pali banki kapena kampani imene inakongoza zipangizo, itchulidwe, chifukwa kaŵirikaŵiri iyo ndiyo imayamba kulipidwa, ndipo ndi bwino kuzidziŵiratu zimenezi.

FUNSO LIMODZI LA MBEWU YA CHIMANGA

Wina angaganize kuti zonsezi zimagwera alimi ang'onoang'ono okha. Zinagwerapo dziko lathu lonse. Pa nyengo ya ulimi ya 2015/16 boma la Malaŵi linagula inshuwalansi ya chilala ku bungwe la African Risk Capacity, limene linakhazikitsidwa ndi African Union, ndipo linalipira pafupifupi madola 5 miliyoni a ku America. Inshuwalansi ya mtundu umenewu situmiza munthu kukaona minda. Imayeza mvula ndi makina a m'mlengalenga, n'kuiyerekeza ndi madzi amene mbewu imafuna pa msinkhu uliwonse, ndipo kompyuta imaŵerengera anthu amene akhudzidwa. Kuti iŵerengere bwino iyenera kuuzidwa kuti alimi amabzala mbewu yotani.

Chilala chinabweradi. Mu Epulo 2016 boma linalengeza kuti dziko lili pa ngozi, ndipo anthu oposa 6 miliyoni anafunika thandizo la chakudya. Koma makina a inshuwalansi aja anaonetsa kuti okhudzidwa anali oposa 20,000 pang'ono chabe, chiŵerengero chosakwanira kuti ndalama zituluke. Atafufuza m'midzi anapeza kuti makinawo anauzidwa za chimanga chocha pa masiku 120 mpaka 140, pamene alimi ambiri anali atasinthira ku mbewu zocha msanga, za masiku pafupifupi 90. Mmene mvula inagwera chaka chimenecho zinapweteka kwambiri chimanga chocha msangacho, koma makina ankayang'ana chimanga china chimene sichinali m'minda yambiri. Atakonza yankho limenelo chiŵerengero chinakwera, ndipo bungwelo linavomera mu Novembala 2016 kulipira madola 8.1 miliyoni, amene anafika mu Januwale 2017.

Panali kukangana kwambiri za amene analakwa, ndipo nkhani ino siyoŵeruza mlandu umenewo. Chimene tikuonapo ndi chakuti sipanafunike bodza kuti zinthu zisokonekere. Linali yankho lakale limene linali litasiya kukhala loona, ndipo linachedwetsa ndalama miyezi yambiri pa nthaŵi imene anthu anali ndi njala. Alimi amene mumapatsidwa inshuwalansi ya mvula pamodzi ndi ngongole ya zipangizo, samalani mafunso a mtundu wa mbewu, tsiku lobzala ndi malo a munda, pakuti malipiro ake amadalira zimenezo.

MUKATHA KUSAINA

Kulakwa kofala ndiko kukopera fomu ya chaka chatha osaiŵerenga. Pa chaka chimodzi zambiri zimasintha: mwawonjezera ekala, mwamanga chigafa china pakati pa ziŵiri zakale, mwayamba kampopi pamene kale munkalima bale yekha, mwana wamanga khitchini yake pafupi ndi shedi. Zonsezi ziloŵe pa fomu yatsopano. Zikasintha m'kati mwa nyengo, zikalata zambiri zimafuna kuti muidziŵitse kampani, ndipo muchite zimenezo ndi kalata, osati ndi mawu a pakamwa kwa ejenti pa msika. Lembani tsiku pa kalatayo ndipo musungeko ina yofanana nayo.

Pemphani kope la fomu imene mwasaina, kapena muijambule ndi foni tsamba lililonse. Chikalata chikabwera, chiyerekezeni ndi fomuyo: dzina, malo, mtundu wa fodya, mtengo, tsiku loyambira ndi tsiku lothera. Polipira landirani risiti ya kampani yeniyeniyo. Makampani a inshuwalansi ndi maejenti awo amayang'aniridwa ndi ofesi ya Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi, ndipo kumeneko mungathe kufunsa ngati munthu amene wakubweretserani fomu ali ndi chilolezo, kapena kukadandaula ngati kampani yakana kulipira popanda chifukwa chomveka. Pokadandaula adzafuna kuona mapepala omweŵa. Musawasunge m'chigafa kapena m'shedi ya fodya. Aikeni m'pulasitiki m'nyumba ina, pamodzi ndi khadi lanu la ulimi ndi mapepala a malonda a chaka chatha.